Ntchito Yanga ya pa Tchuthi: Kujambula Zithunzi ku Bolero

Anzanga ambiri pano pa seminale akhala akundifunsa funso limodzimodzi kuyambira pamene anamva kuti pa tchuthi ine ndimajambula zithunzi n'kumapeza kangachepe. Iwo amati: "Kodi masiku ano, pamene ngakhale mnyamata woweta ng'ombe ali ndi foni yojambula, ndani angataye ndalama zake kulipira wojambula?" Funsoli ndi lomveka ndithu. Tsono poti ndatopa kuliyankha pang'onopang'ono pa nthawi ya chakudya, nsima n'kumandizizirira, ndaganiza zoliyankha kamodzi m'magazini yathu ino, kuti nawonso makolo athu ndi abambo ansembe amene amaiwerenga amve.

Yankho lake lalifupi ndi ili: kwathu anthu salipira kudina batani, amalipira pepala. Chithunzi cha m'foni chimatha tsiku limene foniyo yagwera m'madzi, yabedwa pa msika, kapena yagulitsidwa mu Febuluwale pofuna kugula chimanga. Koma chithunzi chotsukidwa, chopachikidwa pa khoma kapena chobisidwa pakati pa masamba a buku la nyimbo, chimakhala zaka ndi zaka. Agogo a kumudzi sadziwa kutsekula foni, koma pepala amaligwira m'manja, kuliyandikitsa ku maso, n'kuonetsa mlendo aliyense wofika pakhomo.

Kwathu ndi ku Bolero, m'boma la Rumphi, kumene kuli likulu la Themba la Mathemba Chikulamayembe. Amalume anga, amene m'chilankhulo cha kwathu timawaitana kuti asibweni, anali ojambula zithunzi m'zaka za m'ma 1990. Ankayenda pa njinga ya kapalasa kuchokera ku Bolero mpaka ku Mwazisi, ngakhalenso ku Hewe, kamera ili pa khosi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 zokha, ndipo munthu sankaona chimene wajambula kufikira filimuyo itapita ku Mzuzu kukatsukidwa. Anthu ankadikira masabata awiri kapena atatu. Zithunzi zikafika mudzi wonse unkasonkhana, ndipo amene watsinzina pa chithunzi ankasekedwa mwezi wathunthu. Ndi ntchito imeneyi asibweni anakhomera malata nyumba yawo.

Kenaka kunabwera makamera osafuna filimu, pambuyo pake mafoni, ndipo ntchito ija inazilala. Asibweni anaika kamera m'sutikesi n'kubwerera ku munda wa fodya. Amakonda kudzitonthoza ponena kuti sanagwe okha: kampani yaikulu ya Kodak ya ku America, imene inalemera ndi malonda a filimu, inalengeza mu 2012 kuti yalephera kubweza ngongole zake. Chodabwitsa n'chakuti kamera yoyamba yosafuna filimu inapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson, amene ankagwira ntchito ku kampani yomweyo. "Ngati Kodak inagwa, ine wa ku Bolero ndine yani?" amatero asibweni uku akuseka.

Mu 2023 mwana wawo amene ali ku Johannesburg anawatumizira kamera yogwirapo kale ntchito, ya mtundu wa Nikon D3100. Ndi kamera yakale ndithu, poti inatuluka mu 2010, koma kwa ife inali ngati galimoto. Vuto linali lakuti maso a asibweni ayamba kuchita chidima, ndipo tizilembo ta pa kagalasi ka kumbuyo sakutiona bwino. Ankafuna mwana wa maso akuthwa wodziwanso kuwerenga Chingerezi. Ine ndinali pa tchuthi chachikulu, ndili ndi zaka 14.

Bambo anga poyamba anakana. Iwo anati mwana akalawa ndalama sukulu imayamba kumuwawa, ndipo anatchula anyamata a m'mudzi mwathu amene anasiya sukulu atayamba kabaza. Asibweni anabwera kunyumba madzulo atatu otsatizana kudzakambirana ndi alamu awowo. Lamulo la za ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo limati wa zaka za pakati pa 14 ndi 18 asagwire ntchito yoika moyo wake pa chiswe kapena yosokoneza maphunziro ake. Koma lamulo la bambo anga linaposa la boma kukhwima. Anati ndizijambula pa tchuthi pokha, dzuwa lisanalowe ndizikhala ndili pakhomo, ndalama zonse zizisungidwa ndi amayi, ndipo lipoti la ku sukulu likangotsika, kamera ibwerere kwa mwini wake tsiku lomwelo. Ndinayankha kuti, "Ndapulika, adada," kutanthauza kuti ndamva. Mpaka lero, sukulu ikatsekulira kamera imatsala m'sutikesi ya asibweni.

Masabata awiri oyamba sindinalandire ngakhale tambala. Asibweni ankandiphunzitsa za kuwala, ndipo pano ndikufuna kuchedwapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pagona kusiyana kwa wojambula ndi munthu wongonyamula foni.

Ntchito yovuta kuposa zonse kwathu ndi kujambula mwana wakuda wovala zoyera, monga zimakhalira pa tsiku la ubatizo, pa Ukaristia woyamba, kapena pa ukwati. Kamera ilibe nzeru za munthu. Ikaona diresi loyera lodzaza chithunzi, imaganiza kuti kwawala kwambiri, motero imachepetsa kuwala kolowa m'kati. Chotsatira chake diresi limaoneka bwino, koma nkhope imada bii, n'kungotsala mano ndi maso. Mayi amene wasokera mwana wake diresi miyezi iwiri sangalipire chithunzi chotero. Mankhwala ake ndi kuiuza kamera kuti iwonjezere kuwala pang'ono, ndiponso kuyesa kuwalako pa nkhope osati pa chovala. Ndinawerenganso kuti vutoli ndi lakale: kwa zaka zambiri a Kodak ankapereka kwa otsuka zithunzi chithunzi cha mayi wachizungu choti aziyeserapo mitundu, kotero kuti khungu ngati lathu silinali m'maganizo mwawo. Asibweni nditawauza izi anangogwedeza mutu n'kunena kuti iwo anazizindikira kalekale popanda kuwerenga buku.

Chachiwiri ndi dzuwa la masana. Anthu ambiri amaganiza kuti dzuwa likaswa mtengo ndiye nthawi yabwino yojambula, ndipo amaima pa mtetete atakwinya nkhope. Ayi. Dzuwa likakhala pa liwombo, maso amasanduka maenje awiri akuda ndipo chipumi chimanyezimira ngati poto watsopano. Nthawi yabwino ndi mmawa isanakwane 9 koloko, kapena madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko. Koma Misa imatha masana, ndipo anthu safuna kudikira. Choncho ndimawatengera pa mthunzi wa mtengo wa mango kapena pa khonde la tchalitchi, nkhope itayang'ana kumene kuli poyera. Mlongo wanga wamng'ono amagwira nsalu yoyera ya pa bedi cha m'munsi, kuti ibweze kuwala pa nkhope. Malipiro ake ndi mandasi awiri, ndipo chaka chino wayamba kunena kuti akwere.

Chachitatu ndi kuyang'ana kumbuyo kwa munthu. Maso athu amangoona nkhope ya amene tikumukonda, koma kamera imatola zonse: chimbudzi, mbuzi, mtengo wa magetsi womera pa mutu pa mkwati. Asibweni anandizoloweretsa kujambula ngati ndili ndi filimu. Ngakhale khadi la m'kamera limasunga zithunzi zikwizikwi, iwo ankandiuza mmawa kuti, "Lero uli ndi 36 zokha." Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza za anthu akale, koma zimathandiza: umayamba waona, kenaka n'kudina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano za ndalama, zimene ndikudziwa kuti ndi zomwe anzanga akudikira.

Chida chachikulu pa ntchitoyi, kuposa kamera imene, ndi kope la masamba 40. M'menemo ndimalemba tsiku, dzina la munthu, mudzi wake, nambala ya chithunzi, ndalama zimene wapereka ndi zimene zatsala. Lamulo la asibweni ndi lakuti munthu apereke theka ndisanadine batani. Amati chimwemwe cha pa ukwati chimatha Lolemba, ndipo amene Loweruka amafuula kuti "ndijambulenso" ndi yemweyo amene Lachinayi amabisala m'nyumba akaona njinga ya wojambula. M'sutikesi yawo muli envulopu ya zithunzi za m'ma 1990 zimene eni ake sanaziombole mpaka lero. Ena mwa iwo anamwalira kale.

Zithunzi ndimakatsukitsa ku situdiyo ina pa boma pa Rumphi. Malinga ndi kope langa, mu Ogasiti 2023 ndinkagulitsa chithunzi chimodzi cha saizi ya positikhadi pa K700. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo popeza mapepala ndi inki zonse zimachokera kunja, pofika pa tchuthi cha Khirisimasi mtengo wotsukitsira unali utakwera. Ndinakweza kufika pa K1,000, ndipo tchuthi chathachi ndafika pa K1,500. Kufotokozera mayi wa kumudzi chifukwa chimene chithunzi chakwerera, pamene mtengo wa nyemba zake sunasunthe chimodzimodzi, si ntchito yamasewera. Pa ndalama imeneyi muchotsepo ya situdiyo, ya ulendo wopita ku boma ndi kubwerera, ya kutchajitsa batire magetsi akazima, ndiponso gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu limene ndi la asibweni monga eni kamera. Zithunzi zikapanda kukwana 20 sindinyamuka, chifukwa ulendo wokha umadya phindu lonse.

Nyengo nayonso ili ndi mawu. Kwathu ndalama zimayenda ndi fodya. Msika ukatsekulidwa cha mu Epulo, ndipo alimi akayamba kulandira za mabelo awo, kuyambira Meyi mpaka Sepitembala kumakhala maukwati, zinkhoswe ndi zovala zatsopano. Mwamwayi tchuthi chathu chachikulu chimagwera m'nyengo yomweyi. Tchuthi cha Pasaka n'chouma. Pa Khirisimasi anthu amajambulitsa, koma ambiri ndalama amakhala atagulira feteleza, ndipo kope limadzaza ngongole. Pa zochitika zikuluzikulu, monga mwambo wa Gonapamuhanya umene umachitika ku Bolero chaka ndi chaka, kumabwera ojambula a ku tauni okhala ndi makina osindikizira pompopompo. Mwana ngati ine sangapikisane nawo, ndipo sindiyesa n'komwe.

Pali gulu lina lovuta: achibale. Kwa iwo kamera ndi ya pa banja, ndipo kutchula mtengo kwa azakhali kumaoneka ngati mwano. Nkhaniyi anaithetsa ndi amayi. Iwo amawauza kuti, "Kujambula n'kwaulere, koma pepala si lake, ndi la mwini situdiyo." Palibe amene amatsutsana ndi amayi.

Anzanga ena amati ndikuwononga mwayi: munthu wa ku Rumphi, amene ali ndi Nyika ndi Vwaza pakhomo, bwanji osajambula mbidzi ndi njovu? Zoonadi, msewu wopita ku chipata cha Thazima umadzera kwathu, ndipo timaona magalimoto a alendo akukwera ku Nyika, malo osungirako nyama aakulu kuposa onse m'Malawi, amene anakhazikitsidwa mu 1965. Alendowo amakhala ndi malenzi aatali ngati mkono, a mtengo woposa nyumba yathu. Ndi lenzi yanga yaifupi, mbidzi ikhoza kuoneka ngati nyerere. Komanso ndani wa ku Bolero angagule chithunzi cha njovu? Anthu okhala m'mphepete mwa Vwaza amaidziwa njovu ngati mdani wa chimanga chawo. Tsiku lina ndidzakwera ku Chelinda kukajambula maluwa a m'nyengo ya mvula, koma kudzakhala kokasangalala. Msika wanga ndi nkhope za anthu.

Ndipo pa zimenezi sindichita manyazi, chifukwa ojambula ena otchuka a mu Africa anatchuka ndi nkhope zomwezi. Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, anapatsidwa kamera yake yoyamba mu 1935 ndi mbale wa makolo ake, iye akadali mnyamata wophunzira ukalipentala, ndipo mu 1948 anatsekula situdiyo imene ankajambuliramo anthu wamba atavala zovala zawo zabwino. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, ankayendera madansi ndi maphwando a achinyamata usiku, n'kutsuka zithunzi kuti eni ake adzasankhe ndi kugula. Mu 2007 analandira mphoto yaikulu ya Golden Lion ku Venice. Onsewa ankagwira ntchito ya asibweni yomwe ija.

Koma ntchito imene yandipatsa ndalama zambiri, ndiponso imene ndimaikonda, sindinaiganizire ndine. Inabwera yokha. Ku Rumphi mabanja ambiri ali ndi ana ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni. Anawa amafuna chithunzi chabwino cha makolo awo okalamba, ndipo amatumiza ndalama pa foni ya amayi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Ine ndimapita kumudziko, kujambula, kutsukitsa chachikulu cha pa khoma, n'kutumizanso china pa WhatsApp kwa wolipirayo.

Okalamba ambiri safuna. Amadziwa bwino kuti masiku ano pa maliro pamaikidwa chithunzi pa bokosi, ndipo akaona kamera amaganiza kuti ana awo ayamba kukonzekera. Gogo wina wamwamuna wa cha ku Mwazisi, mu Ogasiti 2024, atangotiona anafunsa asibweni kuti, "Kodi akutumani kudzatenga cha pa bokosi? Kawauzeni kuti ndikadadya nsima." Ine ndinayamba kubweza kamera m'chikwama, koma asibweni anandikodola kuti ndikhale pansi. Tinapereka moni, "Monire, agogo," ndipo tinakhala pa khonde kusenda mtedza. Za chithunzi sizinatchulidwenso. Asibweni anafunsa za mvula, za ng'ombe, kenaka za masiku a unyamata wawo. Apa ndi pamene gogoyo anatseguka. Anapita ku migodi ya ku South Africa pa Wenela, boma lisanaimitse maulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu ambiri a kuno kwathu. Anafotokoza za chikepe chotsikira pansi pa nthaka, za kutentha kwa kumeneko, ndi za jekete limene anagula ndi malipiro ake oyamba. Asibweni anangofunsa kuti, "Jeketelo lilipo?"

Analowa m'nyumba, ndipo anatuluka patapita nthawi yaitali atavala jekete lakuda lothothoka m'makolala, chipewa, ndi nsapato zopukutidwa. Anaitanitsa mpando, kuuika yekha pansi pa mtengo, kukhala chowongoka manja ali pa mawondo, n'kunena kwa ine kuti, "Iwe mwana, jambula munthu wa ku Joni." Inali cha m'ma 4 koloko, kuwala kuli kofewa. Ndinadina katatu kokha.

Chithunzicho chinakhala pa khoma la nyumba yawo miyezi khumi, ndipo ndinamva kuti aliyense wobwera kudzacheza ankayamba waonetsedwa. Gogoyo anamwalira mu Juni 2025 ine ndili kuno ku sukulu. Asibweni anapita ku maliro, ndipo anandiuza kuti chithunzi chija chinaikidwadi pa bokosi.

Kuyambira pa gogo ameneyu, kumbuyo kwa chithunzi chilichonse cha munthu wamkulu ndimalemba dzina lake lonse, mudzi ndi tsiku. M'boma lathu lomweli muli Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894, ndipo zithunzi za nthawi ya amishoni timaziona m'mabuku a mbiri. Kawirikawiri pansi pake pamalembedwa dzina la mzungu, pamene makolo athu oimirira pambali pake amangotchedwa "anthu a m'deralo". Ndikaziyang'ana ndimadzifunsa kuti kodi ameneyu ndi agogo a yani. Bolopeni ndi yotchipa.

Palinso zimene sindijambula ngakhale ndalama zikhalepo. Vimbuza ndi gule wodziwika wa kwathu, ndipo bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Koma akamavinidwa usiku pa nyumba ya munthu, wovinayo ndi wodwala, si wochita chionetsero. Pa maliro sindiloza kamera kwa olira. Ndipo anyamata ena amabwera mwakachetechete kufuna kugula chithunzi cha mtsikana wakutiwakuti amene ndinamujambula pa ukwati, ena mpaka kutchula mtengo wowirikiza. Yankho ndi limodzi: chithunzi ndi cha amene ali pa chithunzipo. Mudzi ndi waung'ono. Tsiku limene mayi mmodzi adzamve kuti chithunzi cha mwana wake chikuyenda m'mafoni a anyamata, palibe adzandiitanenso pa khomo pake, ndipo adzakhala akulondola.

Nanga zonse pamodzi zimakwana zingati? Makolo amene mukuwerenga, musaganize kuti mwana wanu akagwira kamera ndiye kuti fizi yatha. Phindu langa la tchuthi chachikulu silinakwanepo fizi ya teremu imodzi. Limandigulira nsapato, makope, sopo, shuga ndi ulendo wobwerera ku sukulu, zinthu zimene kale bambo ankagulitsira nkhuku kapena thumba la mtedza. Kwa banja ngati lathu zimenezi si zazing'ono. Koma amene anganene kuti ndisiye sukulu chifukwa cha ndalama zotere ndiye kuti sanaone kope langa la mwezi wa Epulo. Chimene sindinayembekezere n'chakuti kamera yandithandiza m'kalasi: pamene tinkaphunzira za kuwala ndi malenzi pa Fizikisi, ndinali ngati munthu amene akuuzidwa maina a anthu omwe wakhala akudya nawo mbale imodzi.

Pakali pano ine ndi asibweni tili pa mkangano. Ine ndikufuna tigule kamakina kakang'ono kosindikizira zithunzi ka Canon Selphy, kamene mapepala ake amabwera 108 m'bokosi limodzi pamodzi ndi inki yake. Tikakhala nako, munthu azilandira chithunzi chake pomwepo n'kulipira zonse, ulendo wa ku boma uzitha, ndipo ngongole zizichepa. Asibweni akukana. Akuti mapepalawo sapezeka pafupi, fumbi la mu Okutobala la msewu wa kwathu lidzakapha m'chaka chimodzi, ndiponso munthu amene sanadikire chithunzi chake sachilemekeza. Mfundo ziwiri zoyambazo ndikuzimva. Yachitatuyo ndikuiona ngati kulira kwa munthu wa filimu. Tagwirizana kuti tidzawerengerenso pa tchuthi cha Khirisimasi, kope lili pa tebulo. Amayi, amene akusunga ndalamazo, sananenepo kanthu.